Kanyali Kofiira ka a Mawaya

Bambo anga ankakhulupirira mita kuposa munthu. Ndikunena kachipangizo kachikasu kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, kamene amisiri amagusitsa pa chinthu kuti adziwe ngati mukuyenda magetsi kapena ayi. Munthu akabwera ndi wailesi n'kunena kuti yangozima yokha, iwo ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kudikira kuti mwini wake atuluke. Akatero ankagusitsa zingwe zija, n'kuyang'ana manambala, n'kunena chapansipansi kuti, "Bodza, anaigwetsa." Choipa chake n'chakuti kawirikawiri ankalondola, ndiye matamawo sankachepa.

Mumsewu mwathu aliyense ankawatchula kuti a Mawaya, ngakhale ana oti angoyamba kumene kulankhula. Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu anamasula wailesi ya bambo awo kuti aone kumene mawu amachokera, ndipo wailesiyo inafera pomwepo. Anakwapulidwa, kenako anatha chaka chathunthu akuitokosa mobisa mpaka tsiku lina inatsokomola n'kuyamba kuimba. Nkhani imeneyi ankaikonda kwambiri, moti ine ndinaimva kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse zikwapu zinkachuluka.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa matayala akale. Munkanunkha fumbi ndi utsi wa mtovu wowotcherera mawaya. M'mashelefu munali mawailesi akufa amene eni ake sanabwerenso kudzatenga, ndipo bambo ankawasolola tizipangizo pang'onopang'ono n'kumatisunga m'timabokosi ta machesi tomata pamodzi. Kutaya chinthu kwa iwo kunali tchimo. Tebulo lawo linayang'ana kukhomo, ndipo akadzutsa mutu ankaona tsidya lina la msewu, chakumunsi pang'ono, pamene panali nyumba yathu. Pazenera la chipinda cha kumaso ndi pamene amayi ankakhala ndi makina awo osokera.

Amayi anali telala, ndipo anali osiyana ndi bambo pa chilichonse. Ankaseka mokweza, ankalankhula ali ndi mapini kukamwa, ndipo kasitomala wobwera kudzayesa diresi ankatuluka ataulula zonse za kunyumba kwake. Ankakonda kuuza anthu kuti anakwatiwa ndi munthu amene amayamba wafunsa mita ngati kunja kwacha. Mmene anadziwirana ndi nkhani ina imene ndinakula nayo. Ali mtsikana anabweretsa simbi yamagetsi kushopu kuti ikonzedwe. Patatha sabata anaibweretsanso. Ulendo wachitatu bambo anayang'anitsitsa waya uja n'kunena kuti, "Chemwali, waya uyu sanaduke yekha. Wadulidwa ndi sizasi." Amayi anayankha kuti, "Ndiye mwazindikira lero?" Mwana wawo ndine ndekha, wamkazi, ndipo ndine mphunzitsi kudera lina la tauni yomweyi.

Matenda anabwera amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Anayamba ndi kupuma movutikira ndi kutupa mapazi, kenako tsiku lina anagwa pakhonde akuyanika nsalu. Kuchipatala anati ndi mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anawapatsa mankhwala oti azimwa moyo wawo wonse: piritsi lachikasu m'mawa ndi madzulo, ndi kena kakang'ono koyera masana. A m'mawa ndi madzulo sanavute, chifukwa bambo ankawapatsa okha m'manja pamodzi ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Nkhondo inali pa ka masana.

Wani koloko ikakwana, bambo ankasiya ntchito, n'kuwoloka msewu, n'kuima pazenera.

"Amayi ake, mwamwa?"

"Ndimwa."

"Liti?"

"Ndikamaliza msoko uwu. Kodi ndine mwana?"

Pakatha theka la ola ankawolokanso. Masiku otanganidwa sankawoloka n'komwe, ankangoima pakhomo la shopu n'kufuula funso lomwelo, msewu wonse ukumva. A Wometa, neba wawo wa shopu amene pakamwa pake sipankatsekeka, anayamba kuthandizira kufuula. Amayi zinkawachititsa manyazi kwambiri, makamaka pakakhala makasitomala, pakuti palibe telala amene amafuna kuti anthu azinong'onezana kuti akudwala ndipo mwina sangamalize zovala pa nthawi yake. Tsiku lina anawoloka okha msewu, tepi yoyezera ili m'khosi, nakaima pamaso pa bambo. Anati, "Abambo ake, mukadzandifunsanso mawu amenewo pagulu, mankhwala onsewo ndikawathira m'chimbudzi. Ndatopa kulengezedwa." Bambo anangokanda pamutu ndi sikuludiraiva, ndipo ine amene ndimawadziwa ndikhoza kulumbira kuti kabokosi kanayambira pamenepo.

Anayamba ndi wotchi ya belu. Inkalira wani koloko, amayi n'kuimenya pamutu, n'kupitiriza kusoka. Anayesa foni, zinali chimodzimodzi. Nthawi imeneyo sukulu zinali zitatsekedwa, ndiye ndinkapita kukacheza nawo kushopu, ndipo ndinawapeza atatembenuza kalendala yakale akujambula mizere kumbuyo kwake.

"Vuto la belu," anandiuza, "limalankhula kamodzi n'kukhala chete. Munthu akati ndimwa pompano, belu lilibenso mawu. Ine ndikufuna chinthu choti chikayamba kunena chisasiye mpaka munthu achiyankhe. Komanso chizinena mwakachetechete, anthu asamve."

Anandifotokozera zonse ngakhale sindinafunse, monga mwa khalidwe lawo. Panali kachipi kakuda ka miyendo khumi ndi isanu ndi umodzi, kamene ntchito yake ndi kuwerenga basi. Pambali pake anaikapo kapasita, kanthu kooneka ngati kamgolo kakang'ono, kamene kamadzaza magetsi n'kukhuthula, kudzaza n'kukhuthula, ngati kapu yoikidwa pansi pa mpopi wodontha. Kachipi kaja kamawerenga kukhuthula kulikonse, ndipo chiwerengero chikakwana maola asanu ndi limodzi kamatulutsa moto pa mwendo umodzi. Anasintha malezisita, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, kangapo, akuyeza ndi wotchi ya pamkono, mpaka nthawiyo inagwera pamene ankafuna.

"Koma kachipi aka n'kopanda chikumbumtima," anatero. "Kakatulutsa moto, pakapita nthawi kamausiya n'kuyambanso kuwerenga ngati palibe chachitika. Ndiye pakufunika chogwira."

Chogwiracho chinali matiranzisita awiri, tizinthu ta miyendo itatu, amene anawalumikiza moyang'anizana. Moto ukafika, woyamba amadzuka n'kudzutsa mnzake. Mnzakeyo akadzuka amagwira woyamba uja kuti asagonenso, ndipo amangogwirana choncho ngakhale moto umene unawadzutsa utapita. Nthawi yonse imene agwirana, nyali imakhala chiyakire. Chowalekanitsa n'chimodzi chokha, kabatani kodina, ndipo kakadinidwa nyali imazima, kachipi n'kuyambiranso kuwerenga pa ziro. Amayi atamva kufotokozaku madzulo a tsikulo anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndiye ndi ife tomwe. Wina akadzuka, mnzake tulo palibe."

Ntchitoyi inawatengera masabata atatu. Zonse anaziika m'kabokosi ka pulasitiki kosungiramo sopo, pamodzi ndi mabatire akuluakulu anayi. Anaikapo tinyali tiwiri toyakira limodzi, kena koyang'ana m'nyumba pamene pamakhala amayi, kena koyang'ana kumsewu. Ka kumsewuko anakavundikira ndi galasi lofiira la kumbuyo kwa njinga, n'kukalowetsa m'kachidutswa ka paipi yakuda kuti kazioneka ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Anakaika pazenera n'kuwoloka msewu kasanu konse, akukhala pampando wawo ndi kubwerera kudzakakhotetsa pang'ono, mpaka paipiyo inaloza ndendende patebulo lawo.

Ndondomeko yake inali yosavuta. Seveni koloko m'mawa, amayi akameza lachikasu, bambo ankayatsa kabokosi. Cha m'ma wani koloko kanyali kankayaka. Amayi akamwa koyera kaja ankadina kabatani. Madzulo kankayakanso bambo ali kale pakhomo, ndipo akapereka mankhwala ankakazimitsa mpaka m'mawa. Kuonjezera apo, Lamlungu lililonse ankanyamula botolo la mapiritsi oyera n'kuliyang'ana pa kuwala kuti aone ngati akutsika, ndipo ankatsika bwinobwino.

M'nyumba munabwera mtendere umene ndinali ndisanauonepo. Funso lija linatha. Wani koloko ikayandikira bambo ankadzutsa mutu, ndipo kanyali kakayaka a Wometa ankati, "A Mawaya, chikondi chanu chayaka uko." Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu kankazima, amayi n'kukweza dzanja pazenera, bambo n'kuweramanso pa ntchito yawo akumwetulira. Ankanyadira kabokosi kaja kuposa kanema aliyense amene anaukitsapo. Makasitomala ankaonetsedwa kalendala ija kaya afuna kaya safuna. Zinayenda choncho chaka chimodzi ndi miyezi inayi.

Pali tsiku limodzi limene sindiliiwala. Ndinaweruka msanga n'kudutsira kwa amayi, ndipo ndinawapeza akusoka mayunifolomu a ana a sukulu, mulu wake wofika m'chiuno. Tikucheza kanyali kanayaka. Amayi anatambasula dzanja lamanzere, n'kudina, n'kukweza dzanjalo kuzenera, phazi lili pa makina osaima.

"Amayi, mankhwala."

"Ndimwa, ndimalize kolala iyi."

"Mwazimitsa kale."

"Iwe, usandiyambe ngati bambo ako." Anadula ulusi ndi mano. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Ka masana kaja kamandizunguza mutu. Ndikamwa, singano ndimaiona iwiri mpaka folo koloko. Anthu akufuna zovala zawo Lachisanu."

Ndinawauza kuti akanene kwa dokotala, mwina akhoza kuwasinthira. Anati adzanena. Kenako anandituma kukagula ulusi wobiriwira, ndipo pobwera tinakamba zina. Sindinawaone akumwa, sindinafunsenso, ndipo kwa bambo sindinanene kanthu. Ndinadziuza kuti ndi za tsiku limodzi, komanso sindinafune kukhala ine wobwezeretsa nkhondo m'nyumba.

Linali Lachinayi, cha m'ma fili koloko masana, pamene mayi wina wobwera kudzatenga siketi anawapeza atagonera pa makina, tsaya lili pa nsalu. Bambo anali tsidya lina la msewu akuwotcherera waya, kanyali kali chizimire monga mwa masiku onse. Amayi anakhala masiku atatu m'chipatala osalankhula, diso limodzi lokha likutitsatira. Tsiku lachinayi m'mawa anatisiya.

Maliro atatha, abale atabalalika, bambo anachotsa kabokosi pazenera n'kupita nako kushopu. Ndinkayesa akufuna kukasunga. Koma anakaika patebulo, pambali pa wotchi, n'kuyamba kukayeza. Ankakayatsa seveni koloko n'kukhala pansi kudikira. Tsiku loyamba kanayaka mphindi makumi awiri pambuyo pa wani koloko. Tsiku lotentha kanachedwa ndi mphindi makumi anayi. Anamasula zonse, n'kugusitsa mita paliponse, mpaka anapeza chimene ankafuna.

"Ndi kapasita," anandiuza nditabwera Loweruka. Anainyamula ndi kapani, kachitsulo kopanira tizipangizo, ngati akundionetsa kachilombo. "Ndinaizula mu kanema wakale uja. Inali itatopa, ikudontha mkati. Nthawi inkangosunthira kutsogolo pang'onopang'ono, ine osaona chifukwa ndinasiya kuyang'ana wotchi. Yatsopano amagulitsa pakona pomwepa. Ndinaona ngati kutaya, poti yakale inalipo."

Ndinati theka la ola silingaphe munthu. Anati mtima si wailesi. Ndinachita kupita nawo kwa dokotala amene ankaona amayi, ndipo naye ananena zomwezo, kuti kuchedwa kotere sikungachite kanthu. Bambo anamvetsera mwaulemu, n'kugwedeza mutu ngati mmene ankachitira ndi makasitomala. Titatuluka anati, "Iyeyu kapasitayo sanaione."

Kuyambira pamenepo anasiya kukonza za anthu. Mawailesi ndi mafoni anaunjikana pakhomo mpaka eni ake anayamba kudzatenga osakonzedwa. Iwo ankangopanga mabokosi atsopano, lachiwiri, lachitatu, lililonse losunga nthawi kuposa linzake, n'kumawayatsa pamodzi ndi kakale kaja kuti aone kusiyana kwake. A Wometa anandiimbira foni, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula popanda nthabwala. Anati, "Mwana wanga, bambo ako akutha. Buledi amene ndimawapatsa m'mawa ndimamupeza madzulo ali pomwepo. Amangokhala ndi wotchi m'manja."

Patatha miyezi iwiri, mng'ono wawo wa amayi anapempha makina osokera aja, ndipo ine ndinapita kukawapukuta. M'kabati yake yakumanja, pansi pa tizidutswa ta nsalu, munali kachitini kosungira mapini. Nditakanyamula kanalira mosiyana ndi mapini. Ndinatsegula. Munali mapiritsi ang'onoang'ono oyera, odzaza mpaka pakamwa, ena atayamba kusanduka ufa pansi.

Sindinawawerenge. Ndinakhala pampando wa amayi, ndipo chimene ndinamva poyamba sichinali chisoni. Ndinapsa mtima. Ndinawakwiyira amayi anga, munthu woti ali m'manda. Anadziwa kuti bambo amayang'ana botolo Lamlungu, ndiye tsiku lililonse ankachotsamo limodzi. Kutaya sakanatha, chifukwa pa zimenezo anali ofanana ndi amuna awo: munthu wosunga kaulusi kotalika ngati chala sangataye mankhwala. Ndiye ankadina kabatani, n'kuponya piritsi m'kachitini, n'kukweza dzanja. Nditamaliza kuwakwiyira iwo ndinadzikwiyira ndekha, chifukwa ndinaona ndi maso angawa ndipo ndinasankha kukagula ulusi.

Kachitini kaja kanakhala m'chikwama mwanga masabata asanu. Ndinkapita nako kusukulu, kumsika, kutchalitchi. Ndinagwira njakata. Ndikabisa, bambo apitiriza kudziimba mlandu wa kapasita mpaka awatsatire akazi awo. Ndikaonetsa, ndiwachotsera mlanduwo, koma ndiwauzanso kuti mkazi amene anakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ankawanamiza tsiku ndi tsiku, akuwamwetulira pazenera. Sindinadziwe kuti chopweteka kwambiri n'chiti. Loweruka lililonse ndinkafika kushopu nditatsimikiza mtima, n'kubwerera nako.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinafika itatsala pang'ono wani koloko. Bambo anali ataonda moti kolala ya shati inkangozungulira khosi, ndipo pa chala panali bala lopsa ndi chitsulo chowotcherera, chinthu chimene sichinawachitikirepo ine chibadwire. Patebulo panali bokosi lachinayi, pambali pa kakale ka sopo kaja.

"Khala apo, mayi, uone," anatero. "Ili ndaikamo kamwala ka mu wotchi m'malo mwa kapasita. Silisuntha, kutenthe kuzizire."

Tinadikira. Muvi wa wotchi utangofika pa wani, nyali ya bokosi latsopano inayaka. Ya kakale kaja inali chizimire. Bambo anayang'ana ziwirizo nthawi yaitali, kenako anati, "Likanakhala ili, bwenzi amayi ako ali pazenera apo."

Ndinatsegula chikwama n'kuika kachitini patebulo, pakati pa mabokosi awiriwo. Mawu amene ndinakonza masabata onsewa anathawa, ndiye ndinangoti, "Tsegulani, bambo."

Anakazindikira, pakuti kachitini ka mapini kanali kakale kuposa ine. Anatsegula. Kenako anatola piritsi limodzi ndi kapani n'kuliika pansi pa galasi lawo lokuzira zinthu, ngati kuti pali china choti apeze.

"Awa ndi a masana."

"Eya."

"Unawapeza kuti?"

"M'kabati ya makina. Papita masabata asanu."

"Onsewa."

"Ankati amawazunguza mutu, amalephera kusoka."

Anayang'ana kabokosi kakale kaja. "Ndiye kuti kapasita ilibe mlandu."

"Ilibe, bambo."

Kwa kamphindi nkhope yawo inamasuka, ndipo ndinaona mmisiri amene wauzidwa kuti ntchito yake inali bwino. Sizinakhalitse. Anatembenuka n'kuyang'ana tsidya lina la msewu, pazenera pamene panalibenso makina.

"Ankakweza dzanja," anatero. "Tsiku lililonse. Ine ndinkati akundiuza kuti ndamwa."

Anabwezera piritsi lija m'kachitini.

"Simbi ija ndinaizindikira ulendo wachitatu. Izi chaka chonse ndi miyezi inayi, osazindikira."

Pamenepo ndinaulula zanga. Ndinawauza za tsiku la mayunifolomu, kuti ndinaona akudina asanamwe, kuti anandiuza za chizungulire, ndipo ine ndinakhala chete. Ndinkalira ngati mwana, ndipo ndinkayembekeza kuti andikalipira. Kunena zoona ndinkafuna kuti atero. Iwo anangotseka kachitini mosamala, n'kukanikiza chivundikiro mpaka chinalira.

"Iwe unafunsako," anatero. "N'chifukwa chake anakuuza. Ine ndinakhala masabata atatu kupanga chinthu choti ndisamafunse." Analoza msewu ndi chibwano. "Kuchoka pano kufika pazenera apo ndi mapazi makumi atatu ndi awiri. Ndinayeza poika paipi. Ndikanawoloka tsiku limodzi lokha, n'kukhala pansi, n'kufunsa kuti mankhwalawa akukutani, akananditukwana, koma akananena."

Ndinati mwina sizikanasintha kanthu, kuti ngakhale dokotala sangalumbire chimene chinawatenga. Anavomera ndi mutu, ndipo ulendo uno sikunali kugwedeza kwa makasitomala kuja. Anadzuka, n'kuzimitsa bokosi latsopano, n'kuliika pashelefu pamodzi ndi mawailesi akufa. Kenako ananyamula kakale ka sopo kaja ndi manja awiri n'kuwoloka nako msewu. Ndinawaona kudzera pakhomo akukaika pazenera, pamalo pake pamene fumbi linasiya chizindikiro, n'kukakhotetsa kuti paipi iloze kushopu. Anabwerera n'kukhala pampando wawo.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu zitapitirira wani koloko, kanyali kanayaka. A Wometa, amene sankadziwa kanthu, anali pakhomo lawo akukutumula nsalu, ndipo pakamwa panatsogola monga mwa chizolowezi. "A Mawaya, chikondi chanu chaya..." Analekera pomwepo, n'kulowa mkati mwakachetechete.

Bambo sanapite kukadina, ndipo anandiletsa inenso. Anati mankhwala a masana sanamwedwe, ndiye kasiye kanene. Kanayaka masiku asanu ndi anayi, kakufooka pang'onopang'ono, mpaka mabatire anatha. Sanaikemo ena. Kabokosiko kakadali pazenera pomwepo.

Lolemba lotsatira anatsegula wailesi ya munthu koyamba m'miyezi itatu, ndipo a Wometa anandiuza kuti buledi anadyako theka. Sindinganene kuti anachira. Anakalamba chaka chimenecho kuposa zaka khumi za m'mbuyo, ndipo nkhani ya simbi sanaikambenso. Mita akadaigwiritsa ntchito, koma tsopano kasitomala akamafotokoza amamusiya amalize, n'kumufunsanso mafunso mpaka munthu kutopa.

Ndipo tsiku lililonse wani koloko foni yanga imalira, kaya ndili m'kalasi kaya pamsonkhano wa aphunzitsi. Anzanga anazolowera, amangondikodola kuti ndituluke.

"Mayi, wadya?"

Ndikati eya, samadula. Amafunsa kuti ndadya chiyani, ndadya nthawi yanji, nanga mutu umene ndinkadandaula dzana uja uli bwanji. Zimatopetsa, ndipo masiku ena ndimamva mawu a amayi akukwera pakhosi panga, oti kodi ndine mwana. Ndimawameza. Masiku ena amandipeza ndisanadye, ntchito itandipanikiza, ndipo kunena kuti eya kukanakhala kosavuta, foni n'kutha msanga.

Ndimawauza kuti sindinadye.